Mayi kapena bambo akatuluka m'chipatala asanayambe kuyenda

Dokotala akalemba m'buku kuti agogo akhoza kupita kunyumba, sikuti achira. Chipatala changomaliza mbali yake, ndipo pali wina amene wagona pansi akudikira bedi lomwelo. Fupa lothyoka la munthu wa zaka 75 limatenga miyezi kuti ligwirane, ndipo yambiri mwa miyezi imeneyo imathera pakhomo, m'manja mwa anthu amene sanaphunzirepo unamwino. Zoti mayi kapena bambo adzayendanso kapena ayi zimadalira kwambiri zochitika pakhomopo.

Munthu akamakalamba mafupa amafooka, makamaka amayi akasiya kusamba, moti kugwa kumene mnyamata angangodzuka n'kusasa fumbi kumathyola nkhalamba. Kuterereka kubafa, kuphonya sitepe ya pakhonde, kugwa potsika kabaza kapena popita kuchimbudzi usiku. Pothyoka kawirikawiri ndi pamkono chapafupi ndi dzanja, mafupa a msana, ndiponso pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi chiuno. Mkono suvuta kwenikweni: amauika m'chikhakha masabata ngati 6, munthu akuyenda ndithu. Chiuno ndiye nkhani ina. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mwa okalamba 100 othyoka m'chiuno, pakati pa 20 ndi 30 amamwalira chaka chisanathe. Chimene chimawatenga ambiri si fupalo ayi, koma zobwera ndi kugona nthawi yaitali: chibayo, zilonda, magazi oundana m'mitsempha, matenda a m'njira ya mkodzo.

Kumayiko olemera wothyoka chiuno amamuchita opaleshoni pasanathe masiku awiri, m'mawa mwake n'kumuimiritsa. Kwathu kuno madokotala a opaleshoni ya mafupa ndi ochepa ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Ku Beit CURE ku Blantyre amene amathandizidwa ulere ndi ana. M'zipatala za m'maboma ntchito yambiri amaigwira ndi ma clinical officer a mafupa, amene maphunziro awo anayambika m'zaka za m'ma 1980, ndipo njira yopezekeratu ndi yokoka mwendo: chingwe ndi cholemera cholendewera kumiyendo kwa bedi, kwa masabata 6 kapena kupitirira. Munthu wachikulire amene wagona chagada nthawi yonseyo amatuluka miyendo itawonda, bondo litauma, ndipo akangokhala tsonga chizungulire chimamugwira. Amene anachitidwa opaleshoni n'kuikidwa zitsulo amatuluka msanga ndipo amafunika kuyamba kuyenda msanga. Chisamaliro cha anthu awiriwa n'chosiyana, choncho banja lidziwe kuti wawo wachitidwa ziti.

Apa pali vuto limene timaliona mobwerezabwereza. Amene amakhala pa ugadiyani, kugona pansi pa bedi ndi kuphikira kukhitchini ya magadiyani, nthawi zambiri ndi mchemwali wa kumudzi kapena azakhali, munthu amene amachita manyazi kufunsa dokotala. Amene amalamula za ndalama ndi galimoto ali ku ofesi ku Lilongwe kapena ku Joni. Uthenga umafika pa foni kuti "akuti tizipita", basi. Zimene madokotala ananena pozungulira m'wodi zatsala m'wodi momwemo. Ndiye tsiku lotuluka lisanafike, mmodzi wa ana amene saopa kufunsa apezekepo, afunse ndipo aonetsetse kuti mayankho alembedwa m'buku la kuchipatala. Funso lalikulu pa onse ndi ili: mwendowu aziupondetsa kapena ayi, ndipo ayambe liti? Kenako kuti bala lizitsukidwa kuti, ulusi udzachotsedwa liti, kapaipi ka mkodzo ngati kalipo kadzasinthidwa ndi ndani, mankhwala ati ndi a masiku owerengeka ndipo ati ndi opitiriza, ndi tsiku lodzaonedwanso. Chithunzi cha fupa muchijambule pa foni chifukwa mapepala amatayika. Ndipo musachoke a mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, asanakuonetseni, ndi manja awo, m'mene mungamudzutsire munthu pabedi ndi kumukhazika pampando. Awonetse amene adzagwire ntchitoyo kunyumba, osati amene wangobwera ndi galimoto.

Apite kwa yani?

Mkangano woyamba m'banja umabuka apa. Mwana wa m'tauni amati mayi abwere kwa ine, kuli madzi a m'mipope, magetsi, ndipo chipatala chili pafupi. Mayi eni ake amati ndibwezereni kwathu, mbuzi zanga ndi nkhokwe yanga zili pamtetete. Onse awiri akunena zoona.

Ubwino wa m'tauni umaoneka ndi maso, koma kuipa kwake kumabisala. M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, mwamuna ndi mkazi akachoka m'mamawa ana n'kupita kusukulu, agogo amatsala ndi wantchito wa zaka 19 amene analembedwa kuti azichapa ndi kuphika, osati kunyamula munthu wa makilogalamu 60. Tsiku lonse palibe wocheza naye. Munthu amene kwawo ankaweruza milandu ya pamudzi kapena kulangiza anamwali amasanduka mlendo wopempha chilolezo chilichonse, ndipo ambiri amangokhala duu, chakudya osachifunanso. Kumudzi ocheza nawo sasowa, koma chimbudzi n'chonjuta ndipo chili kuseri kwa nyumba, pogona ndi pamphasa, ndipo msewu wopita kuchipatala nthawi yadzinja sudutsika. Maganizo anga ndi akuti masabata oyambirira, pamene bala likutsukidwa ndipo masiku obwerera kuchipatala ali pafupipafupi, munthu akhale kufupi ndi chipatala. Koma auzidwe tsiku lenileni lodzakambirananso zobwerera kwawo, ndipo lonjezolo lisungidwe. Asangomva kuti ana apangana kale. Wathyoka mwendo, mutu uli bwinobwino.

Nyumba zosungirako okalamba m'Malawi n'zochepa kwambiri, zambiri n'za mipingo ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo zimalandira makamaka amene alibiretu abale. Kwa mabanja ambiri njira imeneyi kulibe.

Funso lachiwiri anthu amalizemba chifukwa n'lochititsa manyazi: adzawasambitsa ndani, adzawachotsa zoipa ndani? Mwambo wathu uli ndi malire ake. Mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake. Mtengwa sangavule apongozi ake aamuna, ndipo mkamwini kwina sadya n'komwe pamodzi ndi apongozi aakazi. Mwamuna amene wauza abale ake monyadira kuti "bambo ndiwasunga ine" kawirikawiri amatanthauza kuti awasunga mkazi wake, yemwe mwambo womwewo ukumuletsa kuwakhudza. Zotsatira zake bambo amagona m'zonyowa mpaka mwana wawo ataweruka. Kumene kuli chikamwini, monga kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, katunduyu amagwera ana aakazi amene ali pamudzi ndipo mwinimbumba ndiye amayenera kuitanitsa zokambirana. Kumene kuli malowolo, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, amagwera kwambiri mkazi wokwatiwa pamudzipo. Konseko mapeto ake ndi amodzi: mzimayi mmodzi, amene ali kale ndi ana, munda ndi kabizinesi kake. Ngati wovulala ndi bambo, ana aamuna ndi adzukulu aamuna alowe m'ndandanda wosambitsa ndi kunyamula, ndipo atchulidwe maina. Ngati palibe, alembedwe ntchito mwamuna. Mawu akuti "tizithandizana" pa gulu la WhatsApp la banja satembenuza wodwala pakati pa usiku.

Tsono za ndalama. Sabata yoyamba zimabwera zambiri, pa Airtel Money, pa Mpamba, pa Mukuru kuchokera ku South Africa. Mwezi wachitatu gulu lili zii, pomwe matewera a akuluakulu, sopo, magolovesi, mazira ndi galimoto ya hayala zikufunikabe. Minibasi kapena kabaza sizinganyamule munthu amene chiuno sichinagwirane, choncho ulendo uliwonse wa kuchipatala ndi ndalama, ngakhale chipatalacho chikhale cha boma chaulere. Ku zipatala za mishoni za CHAM kumakhala kolipira, ndipo amene ali pa MASM kapena inshuwalansi ina afunsiretu ngati mafizo ndi ndodo zili m'gulu la zolipiridwa. Mabanja amene zimawayendera ndi amene amagwirizana ndalama ya mwezi uliwonse, ngakhale yochepa, n'kusankha msungichuma amene amalemba zonse m'kope ndi kuonetsa onse. Kukayikirana pakati pa amene atumiza ndi amene alandira kwapasula maubale ambiri kuposa matendawo.

Ndipo m'ndalama imeneyo mukhale gawo la wosamalirayo. Anthu ena izi zimawanyansa, amati munthu alipidwe bwanji posamalira mayi ake omubereka. Koma taganizani. Mchemwali amene wasiya kugulitsa tomato, amene sanapalire chifukwa sangachoke pakhomo, chaka chamawa adzagula chimanga pamene anzake akudya cha m'nkhokwe. Amene ali pantchito yolembedwa sangasiye: lamulo la ntchito limamupatsa tchuthi cha masiku 15 kapena 18 pachaka, ndipo fupa silidikira tchuthi. N'zomveka. Koma ngati iye sakutaya malipiro ake, asayembekeze kuti mnzake ataye ake. Kulipirira aganyu kumunda kwa wosamalirayo, fizi ya ana ake, ndi kumupatsa masiku opuma pamwezi wina atamulandira, ndi mbali ya mtengo wa matendawa monga mankhwala. Chomwe chiyenera kukanidwa poyera ndi kuchotsa mdzukulu wamkazi pasukulu kuti "akakhale ndi agogo". Zimayamba ngati teremu imodzi, mwanayo sabwereranso.

Khadi la kubanki kapena penshoni ya bambo ikhalebe yawo. Wina akamawatapira ndalama, aziwaonetsa.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Nyumba ikonzedwe wodwala asanafike. Pamphasa kapena matiresi a pansi munthu wothyoka chiuno sangadzuke, ndipo omudzutsa amathyoka msana. Pafunika bedi lofika m'mawondo kapena kupitirira pang'ono, ngakhale lobwereka, miyendo yake itakwezedwa ndi njerwa zolimba ngati n'lalifupi. Pamatiresi payalidwe pulasitiki, pamwamba pake nsalu yofewa youma, pakuti pulasitiki yokha imapsereza khungu. Kalipentala aliyense akhoza kukhoma mpando wolimba wa zogwirira m'mbali, wobooledwa pakati, pansi pake n'kuikapo ndowa. Mpando umenewu ndi wofunika kuposa zinthu zambiri zodula zimene ana amatumiza, chifukwa umachotsa ulendo wa usiku umene unagwetsa ambiri poyamba. Tochi ikhale pamutu pa bedi, tinsanza ta pakhomo ndi zingwe za magetsi zichoke m'njira, ndipo matailosi a pansi akakolopedwa aziyamba auma. Mapatapata otha kunsi atayidwe.

Amene sangathe kudzitembenuza azitembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, m'njira imene a chipatala anaonetsa, pilo ali pakati pa miyendo. Tsiku lililonse posambitsa muziyang'ana kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi zidendene. Pakhungu lakuda chilonda sichiyamba ndi kufiira koonekera. Pamangoda kuposa pena, pamatentha kapena kulimba, mwina kunyezimira. Mukaona zimenezo pamalopo pasagonedwenso mpaka pabwerere mwakale, ndipo musamapatikite. Chilonda chotere chikatseguka chimalowa mkati mpaka pafupa ndipo chimatenga miyezi. Wodwala azikhazikidwa tsonga masana, makamaka pakudya, azipuma mokoka mpweya kangapo patsiku ndi kugwedeza mapazi. Zimaoneka zachibwana koma n'zimene zimateteza ku chibayo ndi kuundana kwa magazi. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa m'katumba, kapena munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, thupi kutentha, bala kutuluka mafinya, musadikire tsiku lolembedwa m'buku.

Pali chizindikiro china chimene kwathu kuno chimaika moyo wa nkhalamba pachiswe m'njira ziwiri. Munthu wachikulire amene wadwala matenda a mkodzo kapena chibayo, amene thupi lake lauma chifukwa chosamwa madzi, kapena amene mankhwala amulemera, amatha kusokonekera mutu m'maola ochepa. Amabwebweta usiku, amaitana anthu amene anamwalira kale, amavula zovala, saazindikira ana ake. Awa ndi matenda ofunika chipatala tsiku lomwelo, ndipo nthawi zambiri amatha chimene chawayambitsa chikachizidwa. Koma pamudzi pamayamba manong'onong'o akuti agogo akuulula, ndipo kugwa kuja kumasanduka "anagwa pandege". Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe okalamba akupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa, monga anayi amene anaphedwa ku Neno mu January 2016. Banja liuze amfumu ndi akuluampingo msanga zimene adokotala anena, mphekesera zisanakule.

Okalamba ambiri amadzimana madzi dala kuti asavutitse anthu ndi kukodza pafupipafupi. Muziwapatsa osadikira kuti apemphe. Pa chakudya, chizolowezi chathu chopatsa wodwala phala loyera ndi Fanta sichimanga fupa. Thupi likufuna mazira, nyemba, nsinjiro, soya, mkaka kapena chambiko, ndiponso usipa, bonya ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, wosinjidwa ngati mano palibe. Masamba, mapapaya ndi madzi zimathandiza kudzimbidwa, kumene kumavuta kwambiri munthu wogona. Kuwothera dzuwa la m'mawa pakhonde kumathandiza mafupa komanso kumasangalatsa mtima.

Mankhwala opha ululu ndi ofunika, chifukwa munthu amene akumva kuwawa sangayese kuima. Koma bufeni, indosidi ndi diclofenac zogula pagolosale, zikamamwedwa tsiku ndi tsiku, zimaboola m'mimba ndi kuwononga impso za munthu wachikulire, makamaka wa BP kapena shuga. Panado pa mlingo umene adokotala anena ndi wotetezeka kuposa amenewa, ndipo ululu ukapitirira abwerere kuchipatala m'malo mowonjezera okha. Mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV amene ankamwa kale asaiwalike m'chipwirikiti cha mwendo. Kutema mphini pamalo pamene pali chitsulo mkati n'kuitana mafinya pafupa, ndipo kuchotsa chikhakha kuti a zitsamba amange ndi timitengo kwapindika miyendo yambiri. Amene akufuna mapemphero apemphere ndithu, chikhakha chili pomwepo.

Kuyendanso

Chikondi chimatha kulemaza. Ana amaopa kuti mayi agwanso, mayi nawonso akuopa, ndiye aliyense amati "khalani, tikubweretserani". Pakatha miyezi itatu fupa lagwirana koma munthu sangathenso kuima. A chipatala akalola kupondetsa, mafizo akhale ntchito ya tsiku lililonse ngati kudya: kudzuka pampando ndi kukhalanso, masitepe owerengeka atagwira choyendera cha miyendo inayi, mawa kuwonjezera awiri. Ndodo za m'khwapa zimavuta okalamba ambiri chifukwa zimafuna mphamvu za m'manja, ndipo amisiri owotcherera amatha kupanga choyendera ngati a mafizo apereka muyeso. Azidzisambitsa kumene manja awo akufika, azidya okha, azitongola chimanga kapena kusankha nyemba ali pampando. Akatswiri a mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu ndi m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene poyamba linkatchedwa Malawi Against Polio ndipo limapanganso njinga za olumala. Njinga yotere imathandiza popita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma isalowe m'malo mwa kuyesa kuyenda m'nyumba.

Funso limene kawirikawiri palibe amalifunsa n'lakuti, kodi anagweranji? Mwina ndi ng'ala m'maso, imene opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imachitika m'zipatala zathu. Mwina ndi mankhwala a BP amene akuwachititsa chidima akaimirira, shuga wotsika, kasitiroko kakang'ono, kapena kachasu, tisabise. Chimene chinawagwetsa chikapanda kupezeka chidzawagwetsanso, ndipo amene wathyokapo kamodzi amakhala pangozi yaikulu yothyokanso.

Thandizo la kunja kwa banja lilipo koma ndi lopyapyala. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza okalamba mu 2024, pambuyo pa ndondomeko ya boma ya 2016, ndipo mabungwe oona za okalamba a mu mgwirizano wa MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Komabe palibe namwino wa boma amene adzabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa agogo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, ndipo kulowamo kumachitika pa nthawi yake ya kalembera, osati tsiku limene munthu wavulala. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma ndiyo yofunsako. Amene ali pafupi zenizeni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene ayenera kuuzidwa kuti pakhomo pali wodwala wogona, ndiponso Chipatala cha pa Foni pamene mukufuna malangizo msanga. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi a kumzikiti amabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Akafunsa kuti tithandize chiyani, apempheni chinthu chenicheni: kuti awiri adzakhale ndi wodwala Lachinayi masana, wosamalira uja apite kumsika kapena akagone.

Si onse amene amayendanso. Ena chiuno sichigwirana, ena mphamvu sizibwerera, ndipo zimene banja linakonza ngati za miyezi itatu zimasanduka za zaka. Zikafika apo mgwirizano woyamba uja watha ntchito, ndipo ana akhalenso pansi, agogo ali pomwepo, kuti aonenso za malo, ndalama ndi kusinthana. Chipatala chikhozanso kukutumizani kwa a chisamaliro chochepetsa ululu, monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth kapena Ndi Moyo ku Salima. Anthu amaganiza kuti kumeneko n'kwa odwala khansa okha, pomwe amathandizanso ena a matenda okhalitsa, amapereka mankhwala amphamvu a ululu monga morphine wamadzi, ndipo amaphunzitsa osamalira kutsuka zilonda ndi kunyamula wodwala osadzipweteka.